Amake Domi ndi Mlongo Wawo wa ku Mozambiki

Loweruka lapitali tinavumbula chiliza cha apongozi anga, Amake Domi, kumanda a kuno ku Bundabunda. Papita chaka chathunthu chimwalirireni. Misa itatha, anthu atadya n'kuyamba kubalalika, a Zuze, mlongo wawo wa malemuwo, anandiitanira pansi pa mtengo wa mango nandiuza nkhani imene apongozi anaisunga m'mimba mpaka kulowa nayo m'manda. Kuyambira tsikulo mtima wanga sukukhala pansi. Ndati ndilembe, kuti ana anga adzadziwe kuti agogo awo aja ankawaopa anali munthu wotani.

Dzina lawo la ubatizo linali Rozaria, koma ndi ansembe okha amene ankalitchula. Kwathu kum'mawa mayi wamkulu amaitanidwa ndi mfunda wa bambo ake, ndipo iwo akanakhala a Nambewe. Dzina limenelo sankalifuna. Ine ndinawaitanapo choncho kamodzi ndili mtengwa watsopano, ndikuyesa ulemu. Anapitiriza kupeta mtedza wawo ngati ndaitana munthu wa mudzi wina. Madzulo ake amuna anga, a Dominiko, ndiwo anandiuza chifukwa chake. Bambo awo a apongozi anachoka pamudzi pawo pafupi ndi Katete, iwo ali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, akuti akukagula nsomba zouma kuseri kwa malire, ku Mozambiki. Sanabwerenso. Patapita nthawi kunamveka kuti anakwatira komweko. Mayi awo anadwala maganizo, n'kumwalira pasanapite zaka zambiri, ndipo mtsikanayo anatsala akulera azing'ono ake awiri ndi khasu. Kuyambira pamenepo dzina la bamboyo silinatulukenso pakamwa pawo.

Anali amayi aafupi, a mapewa otakata, oyenda ngati kumbuyo kwayaka moto. Ankavala majombo a mphira chaka chonse, dzinja ndi chilimwe chomwe, kupatula Lamulungu. Masiku atatu pa sabata ankakagulitsa tomato ndi repu pamsika wa Chongwe. Anzawo ankabisa tomato wophwanyika pansi pa mulu. Iwo ankamuika pamwamba penipeni kuti wogula ayambe wamuona. Wina akawaseka ankanena kuti bodza lili ngati nkhumba, limafuna kudyetsedwa m'mawa ndi madzulo, ndipo iwo analibe gaga wake. Sankakondanso kuthokozedwa. Ukanena zikomo kawiri ankakuyang'ana m'maso, chifukwa kwa iwo munthu wothokoza kwambiri amakhala akukonza njira yodzapemphanso.

Okangana nawo anali ambiri. Makondakitala a minibasi za ku Lusaka ankawadziwa, ndipo akawaona akubwera ankayamba okha kutsitsa munthu wowonjezera amene amupanikiza pakhomo. Ine ndinakangana nawo miyezi itatu pa nkhani ya chitsa cha mtengo chimene ndinkafuna kuzula pabwalo, ndipo chitsacho chidakalipo. Chaka china amayi a kutchalitchi anagwirizana zochotsa m'kwaya mtsikana amene anatenga mimba. Apongozi anaimirira pamsonkhano nafunsa kuti mnyamata wake, amene ankaimba ng'oma m'kwaya yomweyo, achotsedwa liti. Nkhaniyo inathera pomwepo. Mtsikanayo anaimba mpaka mwezi wake wochira.

A Zuze anabwera m'chaka cha chilala. Mtsinje wa Chongwe unasanduka mchenga, chitsime chathu chinauma, ndipo tinkayenda ulendo wa ola lathunthu kukapala timadzi ta matope. Tsiku lina pamsika mayi wina wogulitsa nyemba, wochokera ku Katete, anawayang'anitsitsa apongozi nawauza kuti kuseri kwa malire kuli mwamuna wokumba zitsime, dzina lake Zuze Mbewe, amene nkhope yake ndi yawo yomweyo. Anati mkazi wake anamwalira, ana ake anabalalikira m'matauni, ndipo ntchito kumeneko inali itasowa moti munthuyo ankakumba chitsime chathunthu kuti angopatsidwa chakudya. Apongozi anangomufunsa mayiyo ngati akufuna tomato.

Patapita masabata awiri anatiuza, tikumwa tiyi, kuti atumiza uthenga ndipo wokumba chitsime akubwera kuchokera ku Mozambiki. Amuna anga anati okumba zitsime ndi osayamba pa Chongwe pomwepa. Iwo anati a pa Chongwe sadziwa ntchito. Mpaka imfa yawo sanavomerepo kuti anaitana mlongo wawo. Nthawi zonse ankati anaitana wokumba chitsime.

Ndinapita nawo kukamuchingamira pa siteshoni. M'basi munatsika mwamuna wowonda wa imvi za apo ndi apo, atanyamula thumba la saka, chingwe chokulungidwa paphewa ndi piki ya mpini waufupi. Sipanafunike wotiuza. Mpata wa mano, mapewa, ngakhale kayendedwe, zonse zinali za apongozi. Anafika nagwada pafumbi pomwepo, anthu akuona, n'kuwatchula kuti mana, mmene amaitanira mlongo wamkulu kwawoko. Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenaka anamufunsa ngati wadya, namulanda thumba lija n'kulisenza okha.

M'mawa mwake sanamulole kugwira piki. Anamutenga pa minibasi mpaka ku Lusaka, ku ofesi yoona za alendo olowa m'dziko, kukafunsa chimene lamulo likunena. Kumeneko anauzidwa kuti chidindo cha m'pasipoti ya a Zuze chinali cha munthu wodzacheza, cha masiku owerengeka, ndipo wodzacheza saloledwa kugwira ntchito yolipidwa. Chilolezo cha ntchito chinalipo, koma kwa munthu wokumba zitsime ndi manja chinali chovuta kuchipeza. Apongozi anafunsa ngati kukumba chitsime cha mlongo wako, chomwe iwenso udzamwapo, ndi ntchito. A Zuze amati mkulu wa mu ofesiyo anaseka mpaka kuvula magalasi, nati za pakhomo pawo iye sizikumukhudza.

A Zuze anayendayenda m'munda masiku awiri, akuyang'ana mitengo ndi zulu, akufukula dothi n'kumalifikisa m'manja. Anasankha malo a pafupi ndi chulu, kumtunda, pamene aliyense ankati n'pouma. Anthu ankabwera kudzaseka. Pa tsiku la khumi ndi chimodzi chidebe chinatuluka ndi matope onyowa, ndipo m'mawa mwake tinatunga madzi oyera, ozizira mpaka kuwawa m'mano.

Mavuto anayambira pamenepo. Mbiri inafika mpaka ku Nkomeshya, ndipo anthu anayamba kubwera, ena pa njinga, ena pa ngolo, kudzapempha kuti mlendoyo akawakumbire. Apongozi ankawabweza onse. Ankawauza kuti madzi a pachitsime chathu atunge mmene angafunire, koma munthuyo sagwira ntchito kwa wina aliyense mpaka mapepala ake atalongosoka. Anthu anakwiya. Ena ankati mayiyo akufuna madzi akhale ake okha. Mayi wina anawalalatira pamsika kuti mwana wake akutsegula m'mimba chifukwa cha madzi oipa, iwo akusunga mlongo wawo ngati dzira. Apongozi anabwera kunyumba tsiku limenelo osadya. Ankadziwa kuti mayiyo sakunama. Ankadziwanso kuti a Zuze akagwidwa akugwira ntchito adzathamangitsidwa, osaloledwanso kubwera.

Amuna anga ndiwo anabwera ndi nzeru yachidule. Anati ambiri amatero: kupeza akuluakulu awiri olumbira kuti a Zuze anabadwira ku Katete, n'kukawatengera reji, chitupa chathu cha unzika, nkhani n'kutha. Chichewa amayankhula, mfunda ndi wakwathu, ndani angafunse? Ine ndinagwirizana nawo, sindibisa. Apongozi anakana. Anakangana pabwalo masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amuna anga, amene sanayankhepo mayi awo mokweza chibadwire, anapsa mtima nanena mawu amene mpaka lero amawadandaula. Anati mayi awo akudzivutitsa chifukwa cha mwana wa mkazi amene anapha amayi a apongoziwo.

A Zuze anali chapatali akuluka chingwe, ndipo anamva. Apongozi anakhala pa chitsa chija, navula jombo imodzi, nakhutula mchenga, naivalanso.

"Domi," anatero motsitsa, "Zuze anabadwa mlandu unachitika kale. Ndipo nikamupatsa dzina la bodza, azayamba kuthamanga akaona yunifomu iliyonse mpaka kufa. Nifuna akazigona tulo m'dziko lino."

Apongozi ndi a Zuze anabwereranso ku Lusaka kangapo, akuwonjezeretsa masiku a m'pasipoti mpaka pamene lamulo linalekezera. Pa ulendo womaliza mayi wina wa mu ofesimo anawafunsa mwatsatanetsatane za chibale chawo. Atamva kuti bambo wa awiriwa anali wa ku Katete, anawauza kuti mwana wa nzika ya Zambia ali ndi njira yokhalira nzika mwa magazi, ngakhale anabadwira kunja. Chofunika chinali umboni: reji ya bamboyo, mapepala a kubadwa kwa a Zuze, ndi wachibale wolumbira. Apongozi anati bamboyo anafa kalekale ndipo za mapepala ake sakudziwa. Apa a Zuze anayankhula chapansipansi kuti reji ilipo. Inali ndi amayi awo. Mayi aja anali adakali moyo, ndipo apongozi anali asanafunsepo.

A Zuze ananena poyera kuti nkhalambayo siidzaipereka. Pa rejipo panali chithunzi chokhacho cha mwamuna wake, ndipo ankadziwanso kuti kapepalako kakachoka, mwana wake wamwamuna wachokeratu. Masiku a m'pasipoti anatha sabata imene mvula yoyamba inagwa. Aliyense anali m'munda. Apongozi, amene pa moyo wawo wonse sanaphonyepo mvula yoyamba, anandipatsa mbewu yawo ya chimanga, nandiuza mizere yoyambira, navala majombo awo n'kukwera basi ya kum'mawa pamodzi ndi a Zuze. Patapita masiku asanu ndi anayi anabwera okha, ataonda, reji ili m'kansalu pachifuwa. Titafunsa za ulendo anati msewu wa kumalire a Chanida unali woterera. Ndizo zokha zimene tinamva.

Tsiku lokalumbira ndinawaperekeza pa boma pa Chongwe. Mlembi anawafunsa dzina la bambo awo. Apongozi anayang'ana kachithunzi ka pa reji kaja, ka mnyamata wa tsitsi logawa pambali, wamng'ono kuposa mwana wawo Domi. Mlembi anafunsanso, akuyesa kuti sanamve.

"Sitefano Mbewe," anatero. "Ni atate anga. Ni atate ake a Zuze."

Zaka zoposa makumi asanu zinali zitapita asanatchule dzinalo. Tikutuluka anandiuza kuti tifulumire, repu afota padzuwa.

Mapepala anatenga pafupifupi zaka ziwiri. Nthawi yonseyo a Zuze ankabwera masiku ololedwa n'kubwerera, ndipo apongozi ankakwera minibasi ya ku Lusaka pafupifupi mwezi uliwonse, envulopu ili m'chitenje, kukafunsa pamene nkhani yafika. Tsiku limene a Zuze analandira reji yawo, apongozi sanaphe nkhuku. Anangowatengera kwa mayi uja anawalalatira pamsika, nati chitsime choyamba chikhale chake. Lero ukayenda kuchokera kuno mpaka ku Nkomeshya, zitsime za a Zuze sungaziwerenge ndi zala za manja ndi mapazi. Apongozi sanawayamikepo pamaso. Akamva wina akutama madziwo ankangoti munthuyo amachedwa kudzuka.

Tsopano zimene a Zuze anandiuza pansi pa mango ndi izi.

Pa ulendo uja wa mvula yoyamba, atafika kumudzi kwa a Zuze, anapeza amayi a Zuzewo, a Fatima, atakhala pamphasa pakhonde la nyumba ya mwana wawo wamkazi. Anali okalamba kwambiri, maso atachita khungu. Apongozi anaima kumapeto kwa bwalo, navula majombo, nayenda chosavala mpaka pakhonde, nagwada n'kuwomba m'manja. A Fatima atamva kuti wabwera ndani, anatembenukira kukhoma. Anati akudziwa chimene chabweretsa mwana wa mkazi wamkulu: bambo ake anatengedwa, tsono iye wabwera kudzatenga mwana wa eni ake kuti zifanane. Za reji anati inatayika.

Apongozi sanatsutse. M'mawa mwake anapempha khasu n'kupita kumunda wa nkhalambayo, umene unali usanadzalidwe chifukwa mwana wamkazi uja anali ndi khanda. Anadzala munda wonsewo ndi a Zuze, mvula ikuwakwapula, pamene wawo kuno unali m'manja mwa ine wosadziwa mizere. Akaweruka ankatunga madzi, kuwafunditsa, n'kuwasambitsa a Fatima kuseri kwa nyumba. Nkhalambayo inkalola kusambitsidwa koma osayankhula. Za reji apongozi sanazitchulenso. A Zuze amati iwo anataya mtima nawauza kuti angobwerera, koma anayankhidwa kuti munda sunathe.

Pa tsiku lachisanu a Fatima anapempha ndodo yawo nati awatsogolere kumanda. Anthu atatuwo anayenda pang'onopang'ono mpaka pa mtumbira wa bambo uja, wophwa, womera udzu. Apongozi anagwada nayamba kuzula udzuwo ndi manja, phata ndi phata, osalira, osapemphera mokweza. Ali mkati mozula, a Fatima anayamba kuyankhula. Anati iwo anakwatiwa ali mtsikana wosadziwa kanthu, ndipo za mkazi ndi ana a ku Katete anazimva ali kale ndi ana awiri. Anati mwamunayo akaledzera ankatchula dzina la Rozaria, koma m'mawa kukacha ankakana. Anati zaka zonsezi akhala akudikira tsiku limene wina adzabwere kudzawatukwana, ndipo ngati ndi lero, atukwanidwe pomwepo, mwini nkhani akumva.

Apongozi anasasa dothi m'manja.

"Amayi," anatero, "sininabwere kuzaweruza. Amene anganiyankhe ni uyu ali pansi apa, ndipo sayankha. Ine nabwera kupempha. Mwana wanu ali na manja abwino, ndipo kwathu anthu akumwa matope."

A Zuze amati pamene anamva mawu akuti amayi akutuluka pakamwa pa mlongo wawo, anakhala pansi pa manda a munthu wina. A Fatima anatambasula manja napempha kuti agwire nkhope ya mlendoyo. Anaisisita pamphumi, pamphuno, pamilomo, nati ndi yomweyo. Pobwerera kunyumba anamasula kathumba kamene kanali m'chiuno mwawo masiku onsewo, natulutsa reji.

Apongozi analonjeza zinthu zitatu pakhonde limenelo: kuti kapepalako kadzabwerera, kuti a Zuze azidzabwera chaka chilichonse akakolola, ndi kuti tsiku la maliro a nkhalambayo iwo adzakhalapo. Zonse anazichita ife osadziwa za malonjezowo. Reji inabwerera pamodzi ndi chithunzi chachikulu chimene anakakulitsa ku Lusaka, ngakhale mwini wake sakanatha kuchiona. Chaka chilichonse chimanga chikalowa m'nkhokwe ankawathamangitsa a Zuze kuti akaone amayi awo, ngati mwana wokana sukulu. Ndipo a Fatima atamwalira, ife tinkayesa apongozi angoperekeza mlongo wawo. A Zuze amati anakalowa m'nyumba ya siwa, nakhala kumutu kwa maliro pamalo a mwana wamkazi woyamba, nasambitsa nawo thupi.

Ndinawafunsa a Zuze chifukwa chake sanatiuze kale. Anati analetsedwa. Mana wawo anawauza m'basi pobwerera kuti akadzangotsegula pakamwa adzawabweza kwawo ndi piki yawo yomwe.

Amuna anga ndinawafotokozera Lamulungu titachoka kutchalitchi. Anamvetsera mpaka kumapeto, natuluka, ndipo ndinawaona akulowera kunyumba kwa a Zuze. Anakhalako mpaka dzuwa kupendeka. Zimene anakambirana sindinafunse.

Apongozi anadwala masiku anayi okha. Anagwa akumangirira tomato kudimba, ndipo kuchipatala sanayankhulenso zomveka. Pamaliro panabwera anthu amene sitinkawadziwa, ena a ku Nkomeshya, ena makondakitala aja, ndi amayi atatu a ku Mozambiki amene anayenda masiku awiri. Manda anakumba a Zuze. Anakana kuti adzukulu awathandize mpaka dzenje litafika m'chiuno.

Munda wa banja lathu uli m'zigawo zitatu zogundana. Chakumadzulo n'chathu, chakum'mawa n'cha a Zuze, ndipo chapakati chinali cha apongozi. Mvula yagwa bwino chaka chino. Chimanga chathu chafika m'mawondo, cha a Zuzenso chimodzimodzi, chobiriwira mpaka kuda. Chigawo chapakati sichinalimidwe. Amuna anga amati wolima akhale amalume awo, popeza ndi mlongo wa mwini munda. A Zuze amati wolima akhale mwana wobadwa m'mimba. Aliyense amabwera ndi ng'ombe mpaka m'malire, n'kutembenuza pulawo. Mizere ya chaka chatha ikuonekabe pansi pa chisoso ndi bonongwe, yowongoka ngati anaiyeza ndi chingwe, ndipo mapesi akale agwera mbali imodzi. Pakona pamera maungu okha, osadzala munthu, ndipo ayamba kuyanga kulowera m'minda yonse iwiri. Dzulo ndinapita kukatchola nkhwani pamenepo. Ndinaima m'malire nthawi ndithu dengu lili m'manja, ndikuyembekeza woti andiuze mbali yoyambira.